Miyala ya aNgozo Anaiyesa Mafuwa

Mawa akukavundukula chiliza cha apongozi anga, aNgozo, kumudzi kwawo ku Ntcheu, ndipo ine sindipita. Anene zimene anganene. Uthenga unabwera ndi alamu anga aEsinati, mwana woyamba wa malemuwo: akuti ndikalawire kukathandiza kuphika, ndipo Lamulungu akamabwerako adzapeze chipinda changa chili chosesa, chifukwa akufuna kuikamo wa lendi. Ziwirizi anazinena mophatikiza, ataima pakhomo, uku akutokosa foni. Ndikaphike, eti? Pa mafuwa ati? Kapena kumeneko apezanso miyala ya eni ake yoti azule?

Pepala la mwambo ndaliona. Pansi pa chithunzi alemba kuti malemu anali munthu wofatsa, wokonda mtendere ndi ziweto. Koma abale, bodza lina muzichita nalo manyazi. ANgozo sanali ofatsa. Anali aukali, osamva za mnzawo, moni ankayankha ndi mphuno, ndipo pakhomo pano panalibe ngakhale nkhuku imodzi. Chimene ankaweta ndi nsomba za m'galasi, ndipo amene akulemba lero kuti ankazikonda ndi omwewo anazipha.

Ntchito yawo inali yodula magalasi kuno ku Biwi. Kashedi kawo kanali m'mbali mwa msewu, pakati pa owotcherera ndi ogulitsa masipeya, ndipo manja awo anali zipsera zokhazokha. Za nsombazi ndinamva kwa malemu amuna anga, Yohane, mwana wawo wamwamuna yekhayo. Akuti tsiku lina anawaitana kumayadi, kunyumba kwa dokotala wina, kuti akamate thanki ya galasi imene inkadontha. Munthu wa kumapiri, wosadziwa ndi kusambira komwe, amene nsomba ankaidziwa youma ya pamsika, anaima n'kumayang'ana tinsomba tabuluu ndi tachikasu tikuthamangitsana m'miyala mpaka kuiwala chimene anadzera. Anabwerako ndi tisanu m'jumbo. Sabata yomweyo anadula galasi lokhuthala, n'kumata thanki yawo, yaitali ngati benchi ya kutchalitchi, n'kuikhazika pabalaza pa miyendo yachitsulo.

Nsombazo dzina lake ndi mbuna. Ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu tikamva mbuna timadziwa dzenje lokolera nyama, ndiye mbiri itamveka kuti aNgozo ali ndi mbuna pabalaza, anthu ankabwera kudzaona, ena akuponda mosamala. Akuti malemu apongozi aakazi ankati dzinalo n'loyenera ndithu, chifukwa amuna awo anagwamo ndipo sanatulukenso.

Anzawo akamachokera kumudzi ankanyamula kachewere ndi kabichi wa pa Lizulu. Iwo ankanyamula miyala. Miyala yeniyeni, m'thumba la feteleza, ina yaikulu ngati mutu wa munthu, anyamata a minibasi akutukwana poikweza. Akafika nayo ankaitsuka ndi madzi okhaokha, n'kuisanja m'thankimo kuti mukhale mapanga ndi tinjira. Ntchito imeneyo inkawatengera tsiku lathunthu, ndipo wowayankhulitsa tsiku limenelo ankazionera yekha.

Mbuna si nsomba yaulemu ayi. Yaimuna iliyonse imasankha mwala wake n'kumaulondera, ndipo ina ikangodutsa pafupi imaithamangitsa, kuiluma zipsepse, mpaka kuipha ngati ilibe kolowera. Yaikulu pa zonse, yabuluu ya mizere yakuda, anaitcha Kondakitala, chifukwa inkakankha aliyense. ANgozo ankati anthu amaganiza kuti miyalayo anaiikira zamphamvu kuti zikhale ndi nyumba, koma si choncho, yamphamvu ikhoza kukhala paliponse. Ankati mwala ndi wa yothawa, kuti ikakhota isaonekenso, woithamangitsa aiiwale. Ankatinso mbuna zikachepa zimaphana msanga, chifukwa mkwiyo wonse umagwera imodzi, koma zikachuluka umagawika. N'chifukwa chake ankasunga khumi ndi zisanu. Ndipo yatsopano ikabwera sankangoiponyamo. Ankatulutsa miyala yonse n'kuisanja mwina, kuti iliyonse ikhale mlendo, isowe ponena kuti apa m'panga.

Panali ina yaikazi, yachikasu, imene ankaitcha Nankhoma. Mbuna yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa, masabata atatu osadya kanthu, mpaka ana ataswa n'kulimba. Nankhoma akatupa masaya, m'nyumba muno wailesi inkatsika, chitseko osamenyetsa. Bambowo ankakhala pampando wawo wa mlaza moyang'anana ndi galasi, n'kumati mayi akatseka pakamwa osamuyesa wopusa, wasungamo ana.

Malamulo awo anali ochepa koma owuma. Madzi a pampopi azigona masiku awiri m'ndowa ziwiri kuseri kwa chitseko, mankhwala ake auluke, kenako n'kuthira. Sopo asayandikire ndowazo. Chakudya ndi mpiru wofutsa ndi nsawawa zosenda, osati usipa kapena nyama, zimatupa mimba n'kufa. Magetsi akazima, kapampu kopopera mpweya n'kuima, ankatseka shedi dzuwa lili pamutu, n'kubwera kudzatunga madzi a m'thankimo ndi kapu, kuwathiranso kuchokera m'mwamba, kutunga, kuthira, maola angapo, uku akutukwana a magetsi mpaka makolo awo. Makasitomala ankadikira kushediko mpaka kutopa n'kupita kwina.

Ndiye anthu a ku Biwi mukuwadziwa. Munthu wosunga nsomba zosadya, woziyankhula, wonyamula miyala kumudzi, ameneyo ndiye kuti wakhwima basi. Mphekesera zinafika kumpingo, ndipo mkulu wa mpingo wina anabwera kudzafufuza mochenjera, ngati wongodzacheza. Atakhala pansi anatulutsa makiyi n'kugogoda pagalasi, kho kho kho, nsomba zonse balala.

"Akulu," anatero aNgozo, "kwanu anthu amagogoda pawindo la kuchipinda?"

"Pepani aNgozo, ndimati ndione. Koma tandiuzeni, izi mwazisungiranji, poti simudya?"

"Inu maluwa a paguwa aja mumadya?"

Mkuluyo sanamalize tiyi. ANgozo anatha miyezi osaponda kutchalitchi, ndipo atabwerera ankakhala benchi ya kumbuyo, manja atapinda. Ndi aEsinati ndiye ankakangana sabata ndi sabata. AEsinatiwo ankati ndiwo zikusambira m'galasi ana akudya soya, ndiponso malo abwino oika TV atha ndi chithanki. Bambowo ankangoyankha kuti amene akufuna TV akamange balaza lake.

Inenso sanandisiye. Tsiku lina ndowa yanga itabooka ndinatenga imodzi ya kuseri kwa chitseko, n'kuchapiramo mayunifolomu a ana anga. Ndinaitsukuluza kanayi, ndikuti sadziwa. Madzulo anainunkhiza kamodzi kokha. Pachikhalidwe chathu munthu ndi apongozi ake sayang'anana m'maso, ndiye iwo akafuna kundiyankhula ankayang'ana thanki, ine nditagwada pakhomo, nkhope yawo n'kumaionera m'galasimo, nsomba zikudutsa pamphumi pawo.

"Nabanda, ndowa iyi yadya sopo."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. 

"Mukanathira madzi ake muno, mawa tikanakwirira zonse. Itengeni, ndi yanu tsopano."

Anatha sabata osandiyankha moni, ngakhale wa mphuno uja. Ndinalira, ndinawatukwana mumtima, ndinati nkhalamba iyi imakonda nsomba kuposa anthu. Ndinkanama, ndipo ndinkadziwa kuti ndikunama, chifukwa cha zimene anandichitira nditangofika pakhomo pano.

Amuna anga atamwalira tinkakhala nyumba ya lendi ku Nsungwi. Atandisudzula, aliyense ankadziwa kuti ndinyamula ana anga aakazi awiri n'kubwerera ku Dedza, kumene ndinalibe ngakhale ndime ya munda. ANgozo sanafunse munthu. Anatumiza galimoto kudzatitenga. Panyumba pano tinapeza aEsinati, amene anali atabwerako ku banja, ali ndi chipinda chawo, ang'ono awo aJoyisi ali ndi chawo, bambowo ali m'chachikulu. Ife anatiika m'kasitolo kosungira makala. Imene inayambika pamenepo inali nkhondo. Chingwe choyanikira zovala chinali ndi mwini, mbaula inali ndi mwini, ngakhale msomali wa kubafa unali ndi mwini. Ndikatuluka kupita kumpopi ndinkadutsa pamakomo pawo onse awiri, ndipo tsiku lililonse ndinkatolapo mawu. Tsiku lina ndinapeza yunifolomu ya mwana wanga wamkulu, Tadala, ili m'matope, mapegi ake atapanidwa bwinobwino pachingwe. Ndinaitola, ndinachapanso. Ndinayamba kufunsa mtengo wa basi ya ku Dedza.

Loweruka lina m'mawa aNgozo anatulutsa mpando wawo pabwalo, n'kukhala.

"Katundu yense panja."

"Katundu wanji, Bambo?" anafunsa aJoyisi.

"Yense. Mabedi, masutikesi, mapoto, ndi misomali yomwe muzule."

Kuno katundu amatuluka m'nyumba pakagwa zovuta. Mabedi atangoyamba kuoneka pabwalo, amayi a pafupi anamanga zitenje, awiri anafika pageti akulira kale, wina n'kuthamanga kukauza a mpingo. Anapeza womwalirayo ali pampando, akumwa tiyi. Anawauza kuti sanafe, koma poti abwera agwire mbali ina ya kabati.

Nyumba itatsala mbee, anaimirira n'kuyamba kugawa. AEsinati anawapatsa chipinda cha aJoyisi. AJoyisi anawapatsa cha aEsinati. Ine ndi ana anga anatipatsa chawo chachikulu, iwo n'kuti azigona pabalaza pafupi ndi nsomba zawo. Chingwe anachimanga mbali ina, mbaula anaisamutsa. AEsinati anaphulika.

"Bambo, ife ana anu enieni mukutisuntha chifukwa cha obwera?"

"Muno obwera ndife tonse. Ine ndinabwera pabasi kuchokera ku Ntcheu, iwe unabwera kumsana kwa amako kuchokera kuchipatala. Nyamula bedi."

Sanalekere pomwepo. Lolemba anaitana mmisiri, anaboola khoma la kuseri kwa chipinda changa n'kuikapo chitseko, kuti ndizitulukira kumbuyo, kukafika kumpopi ndi kumsewu osadutsa pamaso pa munthu. Sanafotokoze chifukwa chake. Anangoyang'ana m'galasi n'kuti, "Nabanda, kiyi ili pazenera." Sindinganene kuti alamu anga anayamba kundikonda, ayi ndithu. Koma aliyense anatanganidwa ndi kuzolowera malo ake atsopano, ndipo akafuna kundiluma ankapeza ndakhota kale. Tinakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi, ana anga akupita kusukulu, ine ndikugulitsa mandasi pamsewu.

Matenda anawagwira ali kushedi, anagwa galasi lili m'manja. Kuchipatala anagonako masiku asanu ndi atatu, mbali imodzi itafa, mawu akutuluka movuta. Ndinkapita ndi phala m'mawa, n'kuthamangira kunyumba kukadyetsa nsomba. Tsiku lomaliza kuwaona ali moyo, anatembenukira kukhoma, poti kunalibe galasi loti ayang'ane.

"Nabanda. Madzi azigona."

"Akugona, Bambo."

"Nankhoma?"

"Watupa masaya. Lero ndi tsiku lachisanu."

"Miyala isasunthe."

"Ndamva, Bambo."

Ndinati ndamva. Mawu amenewo ndi amene amandiwotcha mpaka lero.

Tsiku la maliro katundu anatulukadi, ulendo uno pa chifukwa chake chenicheni. Thanki inakanika kunyamulika, inatsala pakona, amayi atadzaza pamphasa mozungulira bokosi. Ine ndinakhala kumiyendo kwa bokosilo, malo a mpongozi. Panja ophika anali pamavuto: dothi la ku Biwi lilibe miyala, ndipo njerwa zimene anaika pansi pa mapoto aakulu zinkaphwanyika. Nyimbo ili mkati ndinaona azakhali a ku Ntcheu, mlongo wawo wa malemuwo, akulowa ndi kupinda mkono wa bulauzi. Anasuzumira m'thanki n'kupukusa mutu.

"Taonani miyala yabwinobwino ikungovunda m'madzi, anthu akusowa mafuwa panja!"

Anapisa mkono mpaka m'phewa. Woyamba, wachiwiri, wachitatu, akupatsira amayi ena pawindo. Mapoto anali atatu, ndiye anazula isanu ndi inayi, yaikulu yonse. Ing'onoing'ono anatenga anyamata kukapsinjira tenti. Madzi anasanduka matope, nsomba zikuwombana ndi galasi.

Ndinadzuka pang'ono, ndili chogwada. "Azakhali, imeneyo ndi ya..."

AEsinati anatukula mutu, maso ali psuu. "Alamu, tikulira bambo kapena tikulira nsomba?"

Nyimbo inaima. Amayi onse a m'nyumbamo anandiyang'ana, ine wobwera, wosudzulidwa, wogona m'chipinda cha mwini nyumba. Ndinaganiza za ana anga, ndinaganiza za mawa, ndipo ndinatseka pakamwa n'kukhala pansi. Azakhali sindiwada kwambiri. Kwa iwo mwala ndi mwala, ndipo anthu amafunika kudya. Koma aEsinati anakulira m'nyumba muno, ankadziwa bwino lomwe chimene miyalayo inkagwira. Anadziwa ndipo anasangalala. Ndipo ine amene ndinalonjeza, ine amene ndinkadziwa kuposa onse, ndinangoyang'ana. Mkwiyo wanga waukulu uli pamenepo, ndipo ulibe kopita.

M'mawa mwake tinanyamuka ndi thupi kupita ku Ntcheu, ndipo tinakhalako masiku anayi. Pobwera ndinatsegula chitseko, fungo n'kundilandira. Kapampu kankagwirabe ntchito yake, thovu likukwera bwinobwino, koma m'thankimo munali mchenga wokha, poyera ngati bwalo la mpira. Khumi zinali zitayandama. Nankhoma ndinam'peza pakona ya pamwamba, kuseri kwa kapayipi ka mpweya kopyapyala ngati chala, pamene anayesa kubisala. Zipsepse zinali zitatha, mchira utatha, kukamwa kuli yasa, mulibe kanthu. Zitatu zinali zikupumabe, zodyekadyeka, ndipo zinafa sabata yomweyo ngakhale ndinaponyamo makapu ndi miphika kuti zibisalemo. Anatsala Kondakitala yekha, wonenepa, mizere yake ikuwala.

Miyala ija ndinaipeza kuseri, ili bii ndi mwaye, itamwa mafuta, itatu itang'ambika ndi moto. Ndisanaganize chochita, aEsinati anaikwecha ndi sopo n'kuuza mnyamata wa ganyu aiponye padenga la khitchini kuti izipsinja malata. Ili pomwepo mpaka pano, miyala imene munthu anaisenza kuchokera kumapiri a kwawo, umodziumodzi, zaka zonse zija.

Zotsatira zake sizinachedwe. Mwezi usanathe chingwe chinabwerera malo ake akale. Kenako anabwera mmisiri ndi njerwa, n'kutseka chitseko changa cha kuseri, akuti chingalowetse akuba. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudutsa pamakomo pawo kawiri, katatu pa tsiku, ndowa ili pamutu, ndikutola mawu ngati kale. Chaka chathunthu ndapirira kuti Tadala alembe mayeso ake, ndipo walemba. Tsopano akuti wa lendi. AJoyisi amaseka nawo, amavomereza chilichonse chimene akulu awo anena. Sindiwachenjeza. Anamva okha bambo awo akunena chimene chimachitika mbuna zikachepa.

Anthu amati womwalira sanenedwa zoipa. Ine ndanena: anali aukali, anali ouma mutu, anandiliza kangapo. Koma m'mudzi wonse wa Biwi, mwa anthu onse opemphera ndi oyankhula mokoma, munthu mmodzi yekha ndi amene anaona mayi wamasiye akuthamangitsidwa n'kumuikira pokhotera. Zimenezo papepala lawo lija palibe, ndipo pachiliza sadzalemba.

Onse anyamuka masana ano, nyumba ili zii. Katundu wanga ndamanga, galimoto ibwera mawa, ndapeza kachipinda ku Nsungwi komwe kuja. Ndalowa pabalaza kuti ndisesepo komaliza. Mpando wa mlaza anatenga azakhali, pangotsala timaenje tinayi pasimenti pamene miyendo yake inkakhala. TV ili pakhoma. Thanki anaikankhira kuseri kwa sofa, pamwamba pake ayalapo kansalu koluka ndi maluwa apulasitiki. Mkatimo muli mchenga, madzi, ndi Kondakitala. Thanki yonse ndi yake tsopano, kuchokera uku mpaka uko, palibe womudutsa. Amatha tsiku lonse akuthamangira chithunzi chake pagalasi, kuchiluma, kubwerera, kuchilumanso, mpaka milomo yake yasupuka yachita kuyera. Ndamudyetsa chaka chonsechi ndikumuda, chifukwa ndinati ndamva.

Ndamufutsira mpiru. Ndatunga ndowa ziwiri, ndaziika kuseri kwa chitseko kuti madzi agone. Lamulungu akamafika eni nyumba, madziwo adzakhala atakonzeka. Wothira ndiye sindikumudziwa.